Mapengwini a ku Boulders: mpanda wokha sungawapulumutse

Tikudziwa kuti ena mwa inu Chichewa mumachimva bwinobwino koma poyankha mumathawira ku Chingerezi, Chixhosa kapena Chiafrikaans. Palibe mlandu. Ife tiyankhula mosathamanga, ndipo nthawi ya mafunso ikakwana mufunse m'chiyankhulo chilichonse chimene chabwera pakamwa.

Tikakumana chonchi nthawi zambiri timakamba za mapepala, za ntchito, za fizi ndi za ndalama zotumiza kumudzi. Lero tikamba za mbalame ndi gombe limene imakhalapo. Mwina wina akuti mumtima: anthu ali pa mavuto a lendi, inu mukutiitanira mbalame? Pirirani pang'ono. Nkhani ya gombe limeneli ndi nkhani ya chakudya, ya ntchito za anthu, ya malamulo, ndiponso ya funso limene ambiri a inu mwakula nalo: kodi dziko lino ndife alendo kapena nafenso tili ndi mawu?

Kum'mwera kwa Cape Town, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 40, kuli tawuni ya Simon's Town, kumene njanji ya Southern Line imathera. Kungopitirira tawuniyo pang'ono pali gombe la Boulders, limene linatenga dzina ku miyala ikuluikulu yobulungira yotchinga mafunde a nyanja ya False Bay. Malowa ndi gawo la Table Mountain National Park ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la boma la SANParks. Pamenepa ndi pamene pamakhala mapengwini a mtundu wa African penguin. Mbalame imeneyi siuluka, mapiko ake ndi opalasira m'madzi. Pamtunda imayenda modzandira ngati mwana wophunzira kuyenda, koma m'madzi ndi katswiri. Ikalira mungaganize kuti ndi bulu. Padziko lonse lapansi imaswana ku South Africa ndi ku Namibia kokha, kawirikawiri pa zilumba. Boulders ndi amodzi mwa malo ochepa kwambiri kumene imamanga zisa kumtunda, pafupi ndi nyumba za anthu.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mbalamezi zinalipo zoposa miliyoni imodzi. Lero mabanja oswana, kutanthauza yaimuna ndi yaikazi zokhala ndi chisa, sakukwana 10,000. Mu Okutobala 2024 bungwe la IUCN, limene limasunga kaundula wa zamoyo zimene zili pangozi padziko lonse, linaika pengwini ameneyu m'gulu lomaliza lisanafike la zamoyo zimene zatheratu kutchire. Akatswiri akuchenjeza kuti chiwerengero chikapitiriza kutsika monga chikuchitira, pofika 2035 mbalameyi ikhoza kusowa m'nyanja n'kutsala m'malo oweteramo nyama okha. 2035 si patali ayi. Ambiri a inu mudzakhala mukuperekeza ana anu ku sukulu ya mkaka.

Tsono tiyeni tidziike m'malo mwa munthu amene wapatsidwa gombe limeneli kuti aliyang'anire. Ali ndi mabwana awiri. Woyamba ndi mbalame, imene imafuna bata, mthunzi ndi njira yopita kumadzi. Wachiwiri ndi mlendo, amene walipira pachipata, wabwera ndi ana ndi foni, ndipo akufuna kuyandikira. Sangathamangitse mlendo, chifukwa ndalama za pachipata ndi zimene zimathandiza kulipira alonda ndi kukonza malo, ndiponso munthu amene sanaonepo pengwini n'kovuta kuti amumenyere nkhondo. Sangamulekererenso mlendoyo, chifukwa anthu akapondaponda paliponse zisa zimagumuka ndipo mbalame zimathawa mazira. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Amene akufuna alendo avomerenso zimene alendo amabwera nazo, n'kupeza njira yozichepetsera.

Njira imene anaipeza ku Boulders ndi yogawa malo. Ku mbali yotchedwa Foxy Beach, kumene kuli zisa zambiri, munthu saponda mchenga. Anamanga tinjira ta matabwa tokwera m'mwamba, tokhala ndi zogwirira m'mbali, kotero kuti anthu amadutsa pamwamba, mbalame n'kumadutsa pansi. Mumaziona pafupi kwambiri koma simungazitsekereze njira. Ku mbali ina kuli kagombe kosambirako, kumene anthu amaloledwa kulowa m'madzi, ndipo pengwini akafuna amadzera pomwepo. Lamulo ndi lakuti mbalame ndiyo isankhe kuyandikira, osati munthu. Kuigwira, kuidyetsa kapena kuilozetsa ndodo yojambulira n'koletsedwa. Mlomo wake ndi wakuthwa, ikaluma magazi amatuluka. Kumtunda kuli mpanda woletsa mbalame kulowa mumsewu, koma zina zimapeza podutsira, n'chifukwa chake pamalo oimika magalimoto pali zikwangwani zokumbutsa madalaivala kusuzumira pansi pa galimoto asanalize injini. Palinso alonda a mapengwini, amene ntchito yawo imayenda mogwirizana pakati pa khonsolo ya Cape Town, SANParks ndi bungwe la SANCCOB. Iwowa amabweza mbalame zosochera, amatola zovulala ndi kulangiza alendo.

Pali chinthu chimodzi chimene tikufuna muchigwire, chifukwa chimachitika nthawi imene ife timapita kunyanja. Kamodzi pachaka pengwini amathothoka nthenga zonse n'kumera zatsopano. Zimatenga masabata pafupifupi atatu. Masiku onsewo sangalowe m'madzi kukasaka, popeza nthenga zake zimakhala zikulowa madzi ndipo akhoza kufa ndi kuzizira. Choncho amayamba wadya kwambiri n'kunenepa, kenaka amaima pagombe osadya kanthu, ndipo pomaliza amakhala atataya pafupifupi theka la kulemera kwake. Ku Western Cape zimenezi zimachuluka cha mu Novembala ndi Disembala, nthawi ya tchuthi, gombe litadzaza. Mukaona mbalame itangoima duu, nthenga zili nyankhalala ngati yodwala, sikudwala ayi, ikusunga mphamvu. Mwana kapena galu akaithamangitsa, imawononga mafuta amene inasungira masiku otsalawo. Lamulo loti muime patali likuchokera pamenepo. Si nkhanza za mlonda.

Ntchito ina ya woyang'anira ndi kumanga nyumba. Kale pa zilumba panali zitosi za mbalame zimene zinaunjikana kwa zaka mazanamazana mpaka kukhala ngati dothi lochindikala. Mapengwini ankakumba mauna m'menemo, mozizira bwino ndi mobisika. Kuyambira m'zaka za m'ma 1840 amalonda anayamba kupala zitosizo n'kumakagulitsa ngati feteleza, mpaka zilumba zinatsala thanthwe lokhalokha. Mazira nawonso ankatoledwa ochuluka zedi n'kumagulitsidwa ngati chakudya mpaka m'zaka za m'ma 1960. Mbalame yopanda una imaikira mazira pamtetete. Dzuwa likatentha imathawira kumadzi, ndipo mbalame zina zimabwera kudzadya mazirawo. Mvula yamkuntho ikagwa, anapiye amanyowa n'kufa. N'chifukwa chake mukafika ku Boulders mumaona tinyumba tokwiriridwa theka mumchenga, tokhala ndi manambala. Ndi zisa zochita kupanga. Zina zoyambirira zinkatentha kwambiri mkati, ndipo akatswiri akhala akusintha kapangidwe kake poyeza kutentha ndi kuwerenga anapiye amene akula m'chisa cha mtundu uliwonse.

Kukhala kumtunda kuli ndi adani ake amene pachilumba kulibe. Pali agalu ndi amphaka a m'makomo. Pali mphaka wamkulu wa m'tchire wotchedwa caracal, amene amatsika kuphiri. Ku Stony Point, malo ena a mapengwini ku Betty's Bay, kambuku anapha mbalame 33 mu 2016. Apa woyang'anira amakhala pa mphanda, chifukwa kambuku ndi caracal nazonso ndi nyama zoyenera kutetezedwa. Ayenera kuganiza za mpanda, za kuisamutsa nyamayo kapena za kulondera usiku, osati kungotenga mfuti. Pali matenda: chimfine cha mbalame chinafika ku Boulders mu 2018. Palinso ngozi zimene palibe akanazilota. Mu Seputembala 2021 mapengwini 63 anapezeka atafa pafupi ndi Boulders, ndipo madokotala a zinyama atawapima anapeza kuti analumidwa ndi njuchi, makamaka m'mbali mwa maso mmene mulibe nthenga. Mbalame zikanakhala miliyoni, imfa 63 sizikanamveka. Zikatsala zochepa, iliyonse imawerengedwa.

Tisaiwale anthu oyandikana ndi malowa. Mapengwini amabweretsa makasitomala ku malesitilanti, ku nyumba zogona alendo, kwa oyendetsa mabasi ndi kwa ogulitsa ziboliboli m'mbali mwa msewu. Ena mwa ogwira ntchito m'malo amenewo ndi abale athu omwe. Koma mbalame zomwezo zimalira usiku, zimanunkha, ndipo zimakumba m'maluwa a eni nyumba. Magalimoto a alendo amatseka misewu ing'onoing'ono ya m'deralo. Woyang'anira amene samvera madandaulo oterewa amadzipangira adani kuseri kwa mpanda wake womwe, ndipo tsiku limene adzafune thandizo lawo sadzalipeza.

Zonse tanenazi, tinjira ta matabwa, mpanda, zisa ndi alonda, ndi ntchito yabwino ndipo ikugwirika. Koma mfundo yathu yaikulu lero ndi iyi: zonsezi zimateteza pogona pa mbalame, pamene chimene chikuipha kwambiri ndi njala. Pengwini amadya tinsomba ting'onoting'ono toyenda m'magulu, makamaka sardine ndi anchovy. Kuti mumvetse, ganizani za usipa. Akakhala ndi anapiye, kholo limodzi limatsala pachisa, lina limapita kukasaka, ndipo liyenera kubwerako msanga ndi chakudya m'mimba kuti lidzawabzikulire. Silingapite kutali, kawirikawiri silipitirira makilomita 40. Ngati m'dera limenelo mulibe nsomba, anapiye amafa, kapena makolo amasiya chisa. Chaka ndi chaka SANCCOB imatola mazira ndi anapiye osiyidwa n'kuwalera pamanja. Nsombazi zachepa pa zifukwa ziwiri zolumikizana. Nyanja ikusintha, ndipo sardine wambiri anasunthira kum'mawa, kutali ndi zilumba za kumadzulo. Ndiponso zombo za makampani zimasaka nsomba zomwezo ndi makoka akuluakulu ozinga gulu lonse. Sardine amapita m'zitini, pamene anchovy wambiri amagayidwa kukhala chakudya cha ziweto.

Mbiri ya Boulders yomwe ikuchitira umboni. Kale pagombeli panalibe mapengwini. Anayamba ndi mabanja awiri okha mu 1982, ndipo m'zaka zotsatira anachulukana kufika masauzande. Chimodzi mwa zifukwa zimene SANParks imatchula ndi chakuti usodzi wa zombo zikuluzikulu wa nsomba zimenezi unachepetsedwa mu False Bay. Mbalame sizinabwere chifukwa cha mpanda. Zinatsata chakudya, mpanda unabwera pambuyo. Woyang'anira gombe akhoza kuchita zonse molondola mkati mwa malire ake, koma tsogolo la mbalame zake likugamulidwa kunja, ndi anthu amene amalemba malire a usodzi pa mapu.

N'chifukwa chake nkhondo yaikulu ya zaka zapitazi sinamenyedwere pagombe koma m'maofesi ndi kukhoti. Kuyambira 2008 boma linkayesa kutseka usodzi mosinthanasinthana kuzungulira zilumba zina, kuti lione ngati anapiye angakule bwino zombo zikatalikira. Asayansi ndi makampani anakangana kwa zaka zambiri pa tanthauzo la zotsatira zake. Mu Ogasiti 2023 nduna yoona zachilengedwe ndi usodzi pa nthawiyo, mayi Barbara Creecy, analengeza kuti madera ena atsekedwa kwa zaka khumi. Mabungwe a BirdLife South Africa ndi SANCCOB anati maderawo sakukwanira, chifukwa mbali zina zimene mbalame zimadyerako kwenikweni zinatsala zotsekula. Mu Malichi 2024 anakasuma. Patapita chaka, mu Malichi 2025, mbali zonse, kuphatikizapo oimira makampani a usodzi, zinagwirizana, ndipo khoti lalikulu ku Pretoria linasandutsa mgwirizanowo kukhala chigamulo. Tsopano kwa zaka khumi usodzi wa sardine ndi anchovy ndi woletsedwa m'madera ozungulira malo asanu ndi amodzi: Dassen Island, Robben Island, Stony Point, Dyer Island, St Croix Island ndi Bird Island. Zaka khumi kuchokera 2025 ndi 2035, chaka chomwe chija akatswiri anatchula. Ngati chigamulochi chithandize kapena ayi, zidzaoneka inu muli akuluakulu.

Tinene chilungamo: kuseri kwa zombo zija kuli anthu. M'matawuni ngati St Helena Bay ndi Gansbaai mabanja ambiri amadya chifukwa cha nsomba ndi mafakitale ake. Asodzi ang'onoang'ono a m'madera ngati Ocean View ndi Hangberg akhala akudandaula kwa zaka kuti malamulo oteteza nyanja amawapana iwo kuposa makampani. Ife ana a kunyanja sitingaseke dandaulo lotere. Koma makolo athu omwewo amadziwanso kuti nyanja imafuna kupuma. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira, asodzi amachoka pachilumba m'nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, kuti nsomba ziswane. Mwambo umenewu unayamba m'zaka za m'ma 1950 ndipo ulipobe, chifukwa amene amausunga ndi eni dera, ndipo phindu lake amaliona okha usodzi ukatsegulidwa. Nyanja ya Malawi si nyanja yamchere ndipo kulibe mapengwini, koma phunziro likuwoloka: lamulo lotseka malo limalimba ngati anthu okhudzidwa analipo polipanga ndipo akuona kuti silikukondera. Mukamva wina akunena kuti kusamala chilengedwe ndi za azungu, mufunseni agogo anu za Mbenji.

Tikuuzeninso zimene anthu wamba anachitapo. Pa 23 Juni 2000 sitima yapamadzi yotchedwa Treasure, yonyamula miyala ya chitsulo, inamira pakati pa Robben Island ndi Dassen Island, mafuta ake n'kutayikira m'nyanja. Mapengwini pafupifupi 19,000 anadetsedwa ndi mafutawo. Pengwini wopakika mafuta sangasambire, amazizidwa, ndipo akamadzipukuta ndi mlomo amameza poizoni. Anthu ongodzipereka oposa 12,000 anabwera kudzatsuka ndi kudyetsa mbalamezo imodziimodzi, zambiri zili m'nyumba yaikulu yosungiramo katundu ku Salt River. Enanso pafupifupi 19,500 amene anali asanakhudzidwe ananyamulidwa pa malole kupita ku Port Elizabeth, imene pano ndi Gqeberha, n'kukawasiya m'nyanja. Anasambira kubwerera kwawo, ndipo masiku amene anali paulendo anapereka mpata woyeretsa gombe. Pa mbalame khumi zilizonse zopakika mafuta, pafupifupi zisanu ndi zinayi zinabwerera m'nyanja zamoyo. Ambiri mwa amene anagwira ntchitoyo sanali asayansi. Anali ana asukulu, amayi apakhomo, anthu opuma pantchito.

Ife amene timagwira ntchito za makompyuta pali mbali imene imatikoka, ndipo tikudziwa kuti ena mwa inu mukuphunzira zomwezi. Malire aja amene anakanganirana kukhoti sanangolembedwa mwa maloto. Akatswiri amamata kachipangizo ka GPS pamsana pa mbalame kwa masiku ochepa, kenaka amaika maulendo a mbalame zambiri pa mapu amodzi, n'kuona pamene zimadyera kawirikawiri. Mbalame zina zimaikidwa kachipu kakang'ono pansi pa khungu, ndipo zikadutsa pa waya wowerengera amene ali panjira yawo, kompyuta imalemba kuti uje wabwera, akadali moyo. M'malo ena, monga ku Stony Point, anaika sikelo panjira, imene imayeza mbalame popita kunyanja ndi pobwerera. Kusiyana kwake kumasonyeza kuti yapeza chakudya chochuluka bwanji ndiponso yatenga maola angati. Ngakhale madontho akuda a pachifuwa ndi osiyana pa mbalame iliyonse, ngati zidindo za zala, ndipo anthu analemba mapulogalamu ozindikira mbalame pa chithunzi. Zonsezi zimafuna munthu wodziwa kusunga manambala mwadongosolo, kuchotsa zolakwika, kulemba pulogalamu ndi kufotokoza zotsatira mwa njira yoti woweruza ndi msodzi amve. Ntchito yosamalira gombe si ya wovala yunifolomu yekha. Ikufuna a zamalamulo, a zowerengera ndalama, madokotala a zinyama, aphunzitsi ndi olemba mapulogalamu.

Tsopano tibwere ku funso lija la alendo. Mukafika ku Boulders tayang'anani amene ali pa tinjira ta matabwa. Mudzamva ziyankhulo za ku Ulaya, ku Asia ndi ku America. Ana a ku Masiphumelele ndi Ocean View, amene akukhala kuseri kwa phiri lomwelo, simudzawaona ambiri. Izi zili ndi mbiri yake. Pansi pa lamulo la tsankho la 1953 logawa malo a anthu onse, magombe abwino anali a azungu okha. Mu 1965 anthu a ku Luyolo, malo a anthu akuda ku Simon's Town, anasamutsidwa mokakamiza kupita ku Gugulethu. Mu 1967 tawuniyo inalengezedwa kuti ndi ya azungu, ndipo mabanja amene anakhalamo mibadwomibadwo, ambiri a iwo asodzi, anatumizidwa ku Ocean View. Mu 1989 Archbishop Desmond Tutu anatsogolera anthu kukaponda magombe oletsedwa, ndipo lamulo lija linathetsedwa mu 1990. Zikwangwani zinachotsedwa, koma mtengo wa thiransipoti, mtengo wa pachipata ndi chizolowezi choganiza kuti kumeneko si kwathu zinatsala. Malo otetezedwa amene ana oyandikana nawo sawadziwa ali pangozi, chifukwa ana amenewo ndi amene mawa adzavote ndi kugamula ngati ndalama za boma zipite kumeneko.

Ife makolo anu tinabwera kuno ndi mtima wa mlendo. Tinkati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka: gwira ntchito, usayambane ndi munthu, tumiza ndalama, tsiku lina udzabwerera. Mtima umenewo unatisunga pa nthawi zovuta, ndipo tonse tikudziwa kuti zovutazo sizinathe. Koma inu si mame. Munabadwira kuno kapena munakulira kuno. Ena muli ndi ID, ena mapepala akadali m'njira, ndipo bungwe lathu lipitiriza kulimbana nazo. Pa nkhani ya chilengedwe, dziwani kuti gawo 24 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wokhala m'malo osawononga thanzi, ndi woti chilengedwe chitetezedwe chifukwa cha mibadwo ya lero ndi ya mtsogolo, kwa munthu aliyense. Silinena kuti nzika zokha. Boma likatulutsa ndondomeko yatsopano ya malo otetezedwa kapena ya usodzi, limapempha maganizo a anthu, ndipo kalata yanu imalowa m'bokosi lomwelo limene mukulowa ya kampani.

Ndiye tikupempha zinthu zinayi.

Choyamba, pitani mukaone. Pachipata pali mitengo itatu: wa nzika ndi okhala m'dziko muno okhala ndi ID, wa anthu a m'mayiko a SADC, ndi wa alendo ochokera kutali. Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe onse ali mu SADC, choncho nyamulani ID kapena pasipoti kuti musalipire mtengo wa alendo akutali. Ngati ndalama palibe, kanjira ka Willis Walk kamadutsa kunja kwa mpanda ndipo mbalame zimaoneka osalipira. Tengani ang'ono anu. Tenganinso mayi ndi bambo, amene mwina akhala zaka makumi awiri mumzinda uno akukonza nyumba ndi minda ya maluwa yoyang'ana kunyanja koma osapondako ngati alendo.

Chachiwiri, mukakafika khalani alendo amene mlonda angawalakelake. Imani patali ndi mbalame, makamaka imene ikuthothoka nthenga. Galu akhale pa chingwe, ndipo kumene saloledwa asapite. Zinyalala bwererani nazo. Mukaona mbalame yovulala kapena yopakika mafuta musaigwire, uzani mlonda kapena imbirani SANCCOB.

Chachitatu, perekani manja anu. SANCCOB, imene inayamba mu 1968, ili ndi malo ku Table View ndi ku Gqeberha ndipo imalandira ongodzipereka. Ntchito yake si yaukhondo: kutsuka makola, kukonza nsomba, kuchapa matawulo. Chaka chilichonse mu Seputembala kumakhala tsiku loyeretsa magombe, ndipo tikufuna chaka chino tikapite monga gulu. Amene muli ku koleji, funsani aphunzitsi anu ngati pulojekiti yanu yomaliza ingagwiritse ntchito manambala enieni a zanyanja.

Chachinayi, tsatirani nkhani ya chigamulo chija. Chigamulo cha pa pepala chimafuna maso. Kodi malire akulemekezedwa? Kodi chiwerengero cha zisa chikukwera kapena chikutsika? Kodi asodzi ang'onoang'ono akumvedwa? Werengani malipoti akatuluka, funsani khansala wa dera lanu, ndipo amene muli ndi ufulu wovota mukumbukire mafunso amenewa.

Sitikulonjezani kuti mbalameyi ipulumuka. Pali chiyembekezo: ku De Hoop, kumene akatswiri anamanga mpanda woletsa zilombo n'kuika zidole za mapengwini ndi zokuzira mawu kuti akope mbalame kufupi ndi kumene nsomba zinasunthira, anapiye oyamba anaswedwa mu 2022. Koma nthawi yatsala yochepa, ndipo manja amene alipo sakukwanira. Chichewa chathu mpaka pano chilibe dzina lakelake la mbalame imeneyi, tikungobwereka. Mwina amene adzaipatse dzina ali m'chipinda chino. Kuti zitero, mbalameyo iyenera kukhala ilipo.

A wapampando, tabweza kwa inu, ndipo mafunso tiwalandira.